Kutsata makolo athu m'mafayilo a atsamunda, kuchokera ku Zomba mpaka ku Kew

Lolemba, Zomba

Ndafika mu Zomba m'mawa uno kudzera ku Balaka ndi ku Liwonde, ndipo chimene chandiyendetsa n'chofuna kuona ndi maso anga mapepala amene akatswiri a mbiri yakale amadalira akamalemba za makolo athu pa nthawi ya ulamuliro wa Angerezi, kuyambira mu 1891 pamene Britain inalengeza kuti dziko lino lili m'manja mwake, kufikira mu 1964 pamene tinayamba kudzilamulira. Mabuku a kusukulu amatipatsa zaka, mayina ndi ziwerengero, koma kawirikawiri satiuza kuti anazilemba ndani, ankalembera yani, ndiponso ngati anthu amene akukambidwawo akanavomereza kuti zinthu zinayendadi choncho.

Mzinda uno unali likulu la dziko mpaka mu 1975, ndipo nyumba zakale za boma, za makonde aatali ndi madenga a malata, zidakalipo m'tsinde mwa phiri. Muno ndi mmene muli National Archives of Malawi, nkhokwe ya zolembedwa za boma, imene inatsegulidwa mu 1947 ngati nthambi ya Central African Archives, bungwe limene likulu lake linali ku Salisbury, ku Harare kwa lero. Nkhani imene wofufuza aliyense ayenera kuyamba waidziwa pano ndi ya moto. Mu 1919 moto unapsereza maofesi akuluakulu a boma otchedwa Secretariat, ndipo mafayilo ochuluka a zaka zoyambirira za utsamunda anasanduka phulusa. Zaka zimenezo sizinali zaka wamba. Ndi nthawi imene Harry Johnston, mtsogoleri woyamba wa boma la atsamunda m'dziko muno, ankamenyana ndi mafumu a Chiyao monga Makanjira, nthawi imene Inkosi Gomani inaphedwa mu 1896, nthawi imene malo aakulu a m'Chigawo cha Kummwera anapita m'manja mwa azungu, ndiponso nthawi ya kuukira kwa John Chilembwe. Wofuna kulemba za nyengo imeneyi amakakamizika kudalira makalata amene anali atatumizidwa kale ku London moto usanabuke, pamodzi ndi zolemba za amishoni zimene zambiri zili ku Edinburgh. Vuto lake n'lakuti zimene zinapita ku London ndi zimene bwanamkubwa anaona kuti mabwana ake ayenera kuzidziwa, pamene nkhani zing'onozing'ono zimene zinkathera mu Zomba momuno, zimene mwina zikanatiuza zambiri za munthu wamba, ndi zimene moto unanyambita.

Masana ndinaitanitsa mafayilo okhudza mabungwe a anthu akuda ophunzira. Loyamba mwa mabungwewa linali North Nyasa Native Association, limene linakhazikitsidwa mu 1912 ndipo mlembi wake anali Levi Mumba. Munthu ukagwira fayilo yotere m'manja, umaona mmene ulamuliro wonse unkayendera. Pachikuto pali nambala ndi mutu wa nkhani. M'kati mwake mapepala anabooledwa pakona n'kumangidwa ndi kachingwe, ndipo ena afiira m'mbali chifukwa cha dzimbiri la timapini. Kalata ya bungwe, yolembedwa m'Chingerezi chaulemu kwambiri, imadandaula za sukulu, za msonkho ndi za mmene anthu akuda ankachitidwira pantchito. Pambali pake pali mapepala a ndemanga, pamene akuluakulu a boma ankalemberana okhaokha, aliyense n'kuika zilembo zoyamba za dzina lake ndi tsiku. Chimene chinkawadetsa nkhawa kwambiri akuluakuluwo, kuposa dandaulo lenilenilo, chinali chakuti aphunzitsi ndi makalaliki amenewa akuyankhulira yani, ndipo ndani wawatuma. Olemba kalatawo sanazionepo ndemangazi, chifukwa iwo ankangolandira yankho la mizere ingapo. Ife lero timaona mbali zonse ziwiri, ndipo phindu lenileni la fayilo lagona pamenepo, pakuti imatisonyeza zimene boma linkanena poyera ndi zimene linkaganiza kuseri.

Lachiwiri, Zomba

M'mawa wonse ndinali pa mabuku a maboma, amene bwana DC aliyense ankalemba n'kusiyira womulowa m'malo. Kulemba anthu m'dziko muno kunayamba ndi msonkho, ndipo aliyense wowerenga mapepalawa asaiwale zimenezi. Pofika mu 1894 boma linali kukhometsa masheleni 3 pa nyumba iliyonse, ndipo patapita zaka zochepa msonkhowo unawirikizidwa kawiri, koma mwamuna amene wagwira ntchito kwa mzungu mwezi umodzi ankalipira theka lokha. Cholinga chake chinali chosabisika: kukankhira amuna ku minda ya khofi, thonje ndi fodya. Ndiye kuti munthu wakumudzi ankalowa m'kaundula ngati mwini nyumba yoyenera kukhomera, ndipo akalephera kukhoma ankalowanso m'buku lina ngati wothawa msonkho. Kunja kwa mizere iwiri imeneyi, boma linalibe chifukwa chomulembera.

Kalembera woyambirira wa anthu anamangidwa pa maziko omwewa. Owerenga ankadalira kwambiri kaundula wa msonkho ndi zimene nyakwawa yanena, pamene anthu ankadziwa bwino lomwe kuti kuwerengedwa kumabwera ndi chitupa cha msonkho pambuyo pake. Ndani akanaulula msanga kuti m'mudzi mwake muli anyamata angapo amene akula? Kalembera wa 1945 anapeza anthu pafupifupi 2 miliyoni, ndipo wa 1966, woyamba titalandira ufulu, anapeza opitirira pang'ono 4 miliyoni. Kusiyana kwakukulu chotere m'zaka 21 kumapangitsa akatswiri kukayikira kuti ziwerengero zakalezo zinkasiya anthu ambiri panja. Komabe sitingazitaye, chifukwa palibe zina zolowa m'malo mwake; choyenera n'kuzigwiritsa ntchito tikudziwa mmene zinapezekera.

Gawo limene linandikhalitsa pansi kwambiri ndi la mibadwo ya mafumu. Lamulo la 1912 linapatsa boma mphamvu zosankha mafumu ena kuti akhale pamwamba pa anzawo, ndipo la 1933 linakhazikitsa mafumu aakulu okhala ndi makhoti. Kuti adziwe woyenera kukwezedwa, DC ankaitanitsa akuluakulu, ankafunsa kudzera mwa womasulira, n'kulemba mndandanda wa mayina m'buku lake. Amene anali pafupi ndi boma, kapena amene anali pa ubale ndi mesenjala, mawu ake ankafika msanga papepala. Chikalembedwa chinthu, DC wotsatira ankachikopera ngati choonadi chosatsutsika. Pakati pa Achewa ndi Amang'anja ufumu umatsata kuchikazi, wolowa amakhala mwana wa mlongo wake wa mfumu, ndipo amayi aakulu a mbumba ndi amene amakhala ndi mawu olemera posankha. Koma amayi amenewa sankaitanidwa ku khonde la DC, choncho mndandanda umaonetsa mayina a amuna otsatizana popanda manja amene anawakhazika pampando. Mpaka lero mabanja olimbirana ufumu amabwera kudzafufuza m'mabuku omwewa, ndipo ndikuona kuti woweruza aliyense wa milandu yotere ayenera kukumbukira kuti bukulo nalonso ndi mboni imodzi chabe, imene inamva kwa anthu ena n'kusiya ena.

Chakumadzulo ndinapita pa nsanja ya chikumbutso cha asilikali a King's African Rifles, pafupi ndi Cobbe Barracks, pamene panalembedwa mayina a asilikali amene anafa pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Asilikali analembedwa chifukwa anali ndi nambala ndi malipiro. Atengatenga, amuna pafupifupi 200,000 a dziko lino amene ankasenza chakudya ndi zipolopolo kupita kunkhondo ya ku East Africa, ambiri atagwidwa mokakamiza, alibe khoma la mayina awo, ngakhale kuti ochuluka anafera m'njira ndi njala, kamwazi ndi chibayo. Mu 2021 bungwe la Commonwealth War Graves Commission linavomereza poyera kuti anthu osachepera 116,000, makamaka a mu Africa ndi ku Middle East, sanakumbukiridwe ndi mayina awo monga anachitira ndi azungu. Zambiri zimene tikudziwa za nkhondoyi, imene kuno inkatchedwa ya Chiwaya, monga anaionera makolo athu zinachokera m'kamwa mwa okalamba amene Melvin Page ndi ophunzira a ku Chancellor College anacheza nawo m'zaka za m'ma 1970. Akanachedwa zaka khumi zokha, ambiri mwa okalambawo akanapita nazo kumanda.

Lachitatu, Chiradzulu

Ndinanyamuka m'mamawa kulowera ku Namadzi, ndinadutsa dera la Magomero, kenako ndinafika ku Mbombwe, pa Providence Industrial Mission imene John Chilembwe anayambitsa mu 1900 atabwerako ku America. Tchalitchi chimene iye anamanga asilikali a boma anachiphulitsa kuukira kutatha, ndipo mishoni inakhala yotseka mpaka mu 1926 pamene Dr Daniel Malekebu anaitsegulanso.

Malo a kuno akufotokozedwa ndi pepala lina lofunika kwambiri m'mbiri yathu. Kuyambira mu 1892 Johnston ankapereka zikalata za umwini wa malo, zotchedwa Certificates of Claim, kwa azungu amene ankati anagula malo kwa mafumu, kawirikawiri ndi nsalu, mikanda ndi katundu wina wochepa mtengo. Zikalata zimenezi zinakhudza maekala oposa 3 miliyoni m'dziko lonse, ndipo esiteti ya A. L. Bruce ku Magomero yokha inali ndi maekala oposa 160,000. Zambiri mwa zikalatazo zinali ndi mawu akuti midzi imene inalipo kale isasokonezedwe, ndipo mu 1903 woweruza Nunan anagamula kuti mawuwo ndi omanga. Koma mayina a eni midziyo sanalembedwe mokwanira, minda inkasuntha malinga ndi kalimidwe ka nthawiyo, ndipo Alomwe amene ankalowa kuchokera ku Mozambique analibe chitetezo chilichonse. Patapita zaka, panalibe pepala loti munthu atsimikizire nalo kuti makolo ake analipo mzungu asanabwere, ndipo thangata linagwera onse.

Ndinakhala pansi pa mtengo wa mango ndi agogo ena aamuna amene makolo awo anagwira thangata m'dera lino. Nditawafunsa kuti, "Agogo, kodi akuluakulu ankakuuzani kuti chinkawawa kwambiri n'chiyani?" iwo anandiyankha kuti, "Mwana wanga, chikoti chinkawawa, koma tikiti inkawawa koposa. Munthu ankagwira tsiku lonse, kapitawo n'kunena kuti ndime sinathe, tsikulo osalembedwa. Mwezi umodzi unkatha masabata ambirimbiri, kumunda kwako udzu ukukula." Zimene ananenazi zikugwirizana ndi zimene mboni zinauza bungwe lofufuza za kuukira mu 1915. Wopeza buku la malipiro la esiteti lero akhoza kuwerenga kuti munthu anagwira masiku akutiakuti, osadziwa kuti masiku amene sanalembedwe ndiwo anautsa mkwiyo.

Kuukira kunayamba usiku wa pa 23 January 1915, pamene William Jervis Livingstone, woyang'anira esiteti ya Magomero amene ankatentha nyumba zopemphereramo za anthu a Chilembwe, anaphedwa pamodzi ndi azungu ena awiri. Chilembwe anaomberedwa pa 3 February chakumalire a ku Mulanje. Anthu pafupifupi 40 anaphedwa atazengedwa milandu mwachangu, ndipo pafupifupi 300 anaikidwa m'ndende. Tsono taonani mapepala amene tili nawo. Pali zonena za anthu amene ankayankha mafunso chingwe chili pafupi ndi khosi, ndipo munthu wotere amanena chimene chingamupulumutse. Pali lipoti la bungwe lofufuza limene linatuluka mu 1916, lalifupi ndithu, lolozera chala nkhanza za ku Magomero ndi maphunziro a mishoni zina. Koma kuseri kwa lipotilo kunali umboni wautali wa mboni, kuphatikizapo abusa akuda monga Harry Kambwiri Matecheta ndi Stephen Kundecha, umene unakhala m'mafayilo mpaka John McCracken anausindikiza mu 2015. M'menemo muli madandaulo a thangata, a msonkho, ndi a mwambo wonyoza wokakamiza munthu wakuda kuvula chipewa akakumana ndi mzungu aliyense panjira. Mawu a Chilembwe mwiniwake anapulumuka pang'ono chabe: makalata amene ankatumiza kwa a Baptist akuda a ku America amene ankamuthandiza, ndi kalata imene analembera nyuzipepala ya Nyasaland Times mu November 1914 yotsutsa kutengera anthu akuda ku nkhondo ya azungu, imene boma linaletsa kuti isafalitsidwe. Mawu otchuka amene amati ananena potsanzikana ndi anthu ake timawadziwa kudzera mwa George Simeon Mwase, yemwe analemba nkhaniyi cha m'ma 1932 atamva kwa mkaidi wina amene anali nawo pa kuukirako, ndipo zolemba zakezo zinakhala mu Zomba mpaka zinasindikizidwa mu 1967. Munthu amene nkhope yake ili pa ndalama zathu timamudziwa makamaka kudzera mwa adani ake, mwa otsatira ake ali pa mlandu, ndi mwa munthu amene anamva kwa wina patapita zaka zoposa 15. Kulemba mbiri yake kuchokera m'mafayilo a boma okha kuli ngati kugamula mlandu pabwalo wodandaula yekha atayankhula, woimbidwa mlandu ali kumanda.

Lachinayi, Blantyre ndi Lunzu

M'mawa ndinakwera m'chipinda chapamwamba cha Mandala House, nyumba ya African Lakes Corporation yomangidwa mu 1882, mmene muli laibulale ya Society of Malawi, bungwe limene linayamba mu 1946. Muli mabuku, mapu ndi zithunzi zambiri zakale. Pa zithunzi zochuluka za nthawi imeneyo, mzungu wakhala pampando amatchulidwa dzina, pamene amuna onyamula machila kumbuyo kwake amangotchulidwa mtundu kapena ntchito yawo. Zithunzizo n'zamtengo wapatali ndithu, chifukwa zimatisonyeza zovala, mametedwe ndi zipangizo zimene palibe DC anaganiza zozilemba.

Masana ndinapita ku Lunzu, dera limene linakhudzidwa kwambiri ndi njala ya 1949. Mafayilo a boma la bwanamkubwa Geoffrey Colby ali ndi zambiri za njalayi: mvula imene inadula, matumba a chimanga amene anaitanitsidwa kunja, malo ogawirako chakudya, ndi mtsutso wa akuluakulu wakuti kaya vuto linali kuchuluka kwa anthu, kuguga kwa nthaka kapena kulima fodya m'malo mwa chimanga. Chiwerengero cha boma chinati anafa ndi njala anali pafupifupi 200, ndipo akatswiri amachiona kuti n'chochepa kwambiri. Megan Vaughan, pofufuza njalayi patapita zaka pafupifupi 30, anachita chinthu chimene mafayilo sakanamupatsa: anamvetsera nyimbo zimene amayi amaimba pamtondo. M'nyimbozo njala ya 1949 ikukumbukiridwa ngati chaka chimene amuna ambiri anachoka pachikamwini, ena kukasaka chakudya n'kubwerera, ena osabwereranso, kusiya akazi ndi ana popanda chogwira. Kagawidwe ka chakudya kankadutsa kwambiri mwa amuna ndi mwa olemba anthu ntchito, motero mayi wosiyidwa ankagwera pampata. Fayilo inawerenga matumba molondola, koma kusweka kwa mabanja, kumene kwa amayiwo kunali njala yeniyeni, sikunali ndi mzere wake m'lipoti. Sindikunena kuti nyimbo ndi yoona kuposa pepala nthawi zonse, pakuti nayonso imasankha chokumbukira, ndipo amuna a m'dera lomwelo ankafotokoza za maulendo awo aatali okasuma. Koma wolemba mbiri amene sanafike pamtondo wasiya theka la nkhani.

Sindingachoke kuno osanena kuti ufulu utabwera, zitseko sizinatseguke nthawi yomweyo. M'zaka za chipani chimodzi wofufuza ankafunika chilolezo cha boma, ndipo nkhani zokhudza nduna zimene zinasemphana ndi Dr Banda mu 1964 zinali zoopsa kuzilemba ngakhale kuzifunsa. Mpata umenewo tinauonjezera tokha.

Lachiwiri, Kew, London

Ndinafika mu London kumapeto a sabata, ndipo popeza The National Archives, nkhokwe ya zolembedwa za boma la Britain imene ili ku Kew, satsegula Lolemba, ntchito ndayamba lero. Kew ili kumadzulo kwa mzinda, pafupi ndi mtsinje wa Thames. Ukapeza chiphaso cha wowerenga, umasiya chikwama ndi zolembera za inki m'kabati, umalowa ndi pensulo ndi foni, umaitanitsa fayilo pa kompyuta, ndipo pakapita kanthawi umakaipeza m'kabokosi ka nambala ya mpando wako. Kujambula mapepala ndi foni amalola.

Makalata a pakati pa bwanamkubwa wa Nyasaland ndi Colonial Office, unduna woona za maiko olamulidwa ndi Britain, ali pa mndandanda wa CO 525, pamene a zaka za 1904 isanafike ali m'mafayilo a Foreign Office, imene inkayang'anira dziko lathu poyamba. Kuno ndi kumene kuli zambiri zimene zinapsa ku Zomba. Ndinayang'anitsitsa makope a mapangano amene azungu ankati anachita ndi mafumu. Mawu onse ali m'Chingerezi cha malamulo, ndipo kumapeto kuli dzina la mfumu lolembedwa ndi dzanja la mzungu monga khutu lake linamvera, pambali pake kamtanda kosonyeza kuti mfumuyo yavomera, kenako mayina a mboni amene kawirikawiri anali anzake a wogulayo. Zimene womasulira anauza mfumu tsiku limenelo sizinalembedwe paliponse, chonsecho m'mwambo wathu mfumu inkapereka malo oti mlendo akhalepo ndi kulimapo, osati kugulitsa nthaka ya mbumba mpaka muyaya. Kamtanda kameneka ndi kamene kanasandutsa midzi yathunthu kukhala alendo pa malo awo.

Lachitatu, Kew

Lero linali tsiku la mafayilo amene boma la Britain linakhala likubisa kwa zaka pafupifupi 50. Maiko atayamba kulandira ufulu, akuluakulu a atsamunda analamulidwa kusankhula mapepala asanapereke maofesi kwa maboma atsopano. Mu 1961 Iain Macleod, nduna yoona za maiko olamulidwa ndi Britain, anatumiza malangizo akuti asasiyidwe mapepala amene angachititse manyazi boma la Britain, apolisi, asilikali kapena akazitape awo. Ena anatenthedwa, ena analoledwa kumizidwa m'nyanja yakuya m'mabokosi olemera, ndipo otsala anatumizidwa ku Britain mwakachetechete. Ku Kenya ndi ku Uganda mafayilo achinsinsi kwambiri ankaloledwa kuonedwa ndi azungu okha, ngakhale munthu wakuda atakhala ndi udindo waukulu chotani. Boma la Kenya linapempha mafayilo ake kuyambira mu 1967 koma silinapatsidwe.

Akuluakulu anati mlandu suola. Okalamba angapo a ku Kenya amene anazunzidwa m'misasa ya nthawi ya Mau Mau anasumira boma la Britain ku khoti la ku London, ndipo mu 2011, khoti ndi akatswiri a mbiri monga David Anderson atapanikiza, Foreign Office inavomera kuti ikusunga mafayilo zikwizikwi ochokera m'maiko 37 ku Hanslope Park, malo otetezedwa kwambiri ku Buckinghamshire. Mafayilowo, pafupifupi 20,000, anasamutsidwira kuno pakati pa 2012 ndi 2013 pa mndandanda wa FCO 141, ndipo mu June 2013 Britain inavomera kulipira mapaundi 19.9 miliyoni kwa anthu 5,228 a ku Kenya. A Nyasaland nawonso alimo, makamaka okhudza zachitetezo ndi ndale za zaka zomaliza za utsamunda.

Powerenga malipoti a akazitape onena za Nyasaland African Congress, chipani chimene chinkamenyera ufulu wa dziko lathu, munthu uyenera kusamala koposa pena paliponse. Kazitape ankalipidwa chifukwa cha nkhani, ndipo nkhani yoopsa inali ndi msika. Pa 25 January 1959 atsogoleri a Congress anachita msonkhano wachinsinsi m'tchire pafupi ndi Blantyre, ndipo kuchokera m'malipoti a anthu amene ambiri sanali pamsonkhanowo, boma linamanga nkhani yakuti panali chiwembu chopha azungu, amwenye ndi mafumu ogwirizana ndi boma. Pa 3 March bwanamkubwa Robert Armitage analengeza kuti zinthu zafika poopsa, Dr Banda anatengedwa kupita ku ndende ya Gwelo (Gweru, ku Zimbabwe kwa lero), anthu oposa 1,300 anatsekeredwa popanda mlandu, ndipo anthu 51 anaphedwa malinga ndi chiwerengero cha boma. Ku Nkhata Bay, kumene asilikali anaombera khamu limene linkafuna kuti akaidi atsitsidwe m'sitima ya Mpasa, lipoti linati anafa 20, pamene anthu akumeneko amawerenga oposa 30. Tsiku lomwelo, ku msasa wa Hola ku Kenya, akaidi 11 anamenyedwa mpaka kufa, ndipo chikalata choyamba cha boma chinagwirizanitsa imfa zawo ndi madzi amene anamwa. Zinthu ziwirizi zikuonetsa mmene pepala loyamba la boma lingasiyanire ndi zimene zinachitika.

Komabe ndiyenera kunena chilungamo: ulamuliro womwewu unatulutsanso pepala limene linautsutsa. Bungwe la woweruza Patrick Devlin linayendayenda m'dziko lathu, linamva mboni mazanamazana kuphatikizapo omangidwa, ndipo lipoti lake la July 1959 linapeza kuti pamsonkhano paja panakambidwa za ziwawa koma chiwembu cholinganizidwa chopha anthu panalibe, kuti asilikali ndi apolisi anamenya anthu ndi kutentha nyumba mosatsata lamulo, ndi kuti Nyasaland inali itasanduka, ngakhale kwa kanthawi, dziko lolamulidwa ndi apolisi. Boma la Harold Macmillan linakwiya nalo kotero kuti linakonza mwachangu chikalata china m'dzina la Armitage, n'kuchitulutsa pamodzi ndi lipotilo kuti chilifooketse. Mapepala onsewa alipo, ndipo wowaika pamodzi amaona mmene choonadi cha boma chinkaphikidwira.

Chimene chikundivutitsa mtima madzulo ano ndi chakuti mafayilo amenewa analembedwa mu Zomba, ndi ndalama za msonkho wa makolo athu, ndipo akukamba za agogo a anthu amene ali moyo ku Nkhata Bay, ku Karonga ndi ku Thyolo, koma wowafuna ayenera kupeza viza, tikiti ya ndege ndi malo ogona mu London. Mphunzitsi wa mbiri wa ku sekondale ya kumudzi sangakwanitse, ndipo ngakhale ophunzira ambiri a ku yunivesite sangakwanitse. Mafayilo a boma la Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, cha 1953 mpaka 1963, nawonso anatsalira ku Harare. Maganizo anga ndi akuti boma lathu lipemphe mwalamulo kuti mafayilo a Nyasaland a mu FCO 141 abwerere kwawo, ndipo pamene zokambiranazo zikuchitika, makope athunthu a pa kompyuta aperekedwe ku Zomba kwaulere, pamodzi ndi a CO 525 amene angatseke mpata wa moto wa 1919. Ifenso tili ndi ntchito yathu imene sitingaidikirire London, yojambula mawu a okalamba amene anaona 1959 ndi maso awo, pakuti amene anali anyamata ndi atsikana nthawi imeneyo tsopano apitirira zaka 80.

Umboni umene mboni zinapereka kwa Devlin ukusungidwa ku Bodleian Library ku Oxford. Mawa m'mawa ndikwera sitima ya pamtunda ku Paddington kupita kumeneko, ndipo ndikayamba ndi zimene ananena anthu a ku Nkhata Bay, kuti ndizifananitse ndi malipoti a boma amene ndajambula lero.